Nkhanu yanga ikungokanda pakona: pansi pa thanki ndiyalepo chiyani?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangoyamba kuweta ma hermit crab, nkhanu zapamtunda zija zimene zimabisa mimba yake yofewa m'chigoba cha nkhono n'kumayenda nacho. Akuti: "Ndili ndi nkhanu zitatu. Pogula anandipatsa timiyala tokongola toyala pansi pa thanki, koma imodzi ikungokanda pakona usiku wonse. Pansipo payenera kukhala chiyani, nanga ndizisintha kangati?"

Mayi, timiyalato tichotseni lero lomwe. Nkhanu yanuyo ikufuna polowa.

Khungu la nkhanu ndi lolimba, silikula, ndiye kuti nkhanuyo ikule imayenera kufundula. Zamtundu wa Coenobita, monga Coenobita clypeatus ya ku Caribbean yomwe imagulitsidwa kwambiri, zimafundulira pansi pa nthaka. Nkhanu imakumba, n'kudzikonzera kamphanga, n'kukhala mumdimamo milungu ingapo, yaikulu mwina miyezi iwiri kapena kuposa. Ikavula khungu lakale imakhala yofewa, yosatha kudziteteza, ndipo imadya khungu lomwelo kuti ibweze kashiamu m'thupi. Ikasowa pokumba imazengereza kufundula mpaka kudwala, apo ayi imafundulira poyera pomwe zinzake zingathe kuidya. Inde, zimadyana.

Choyala chake n'chosavuta. Pezani mchenga wosefa, wotsuka, uja amagulitsa woti ana azisewererapo, musakanize magawo 5 a mchengawo ndi gawo limodzi la ulusi wa makoko a kokonati. Ulusiwu umabwera wouma gwa ngati njerwa, mukauviika m'madzi umafufuma. Ntchito ya mchenga ndi kugwira mphanga kuti isagumuke, ya ulusi ndi kusunga chinyezi. Mchenga wa kashiamu uja wamitundumitundu musaugule ngakhale paketi yake ili ndi chithunzi cha nkhanu, chifukwa ukanyowa n'kuuma umalimba ngati simenti. Utuchi wa paini nawonso ayi.

Kuya ndiye pamene ambiri amaumira. Mchenga usachepere masentimita 15, kapena ukhale wakuya katatu kutalika kwa nkhanu yanu yaikulu pamodzi ndi chigoba chake, mutenge muyeso umene uli waukulu pa iwiriyi. Thanki imaoneka ngati yadzaza dothi lokhalokha, ndipo alendo amafunsa kuti ziwetozo zili kuti. Asiyeni afunse.

Tsopano madzi. Thirani pang'onopang'ono uku mukusakaniza m'beseni, osati m'thanki. Tapani wodzaza dzanja, finyani. Ukagwirana n'kusunga zidindo za zala zanu koma osadontha madzi, wafikapo. Mukauthira m'thanki boolani ndi pensulo mpaka pansi. Mukaizula, dzenjelo likhale chilili. Madziwo akhale ochotsedwa klorini ndi mankhwala aja a m'mathanki a nsomba. Ena poyamba amanyowetsa ndi madzi a mchere wa m'mathanki a nsomba za m'nyanja yamchere pofuna kuchepetsa chuku, ndipo palibe cholakwika, bola kamodzi kokha, chifukwa madzi amauma koma mchere umatsalira n'kumachulukana. Mchere wapatebulo usayandikire.

Nkhanuzi zimapumira ziwalo zonga za nsomba zimene ziyenera kukhala zonyowa nthawi zonse. Choncho thanki ikhale ndi chivindikiro chotseka bwino, chinyezi cha mumpweya chikhale pakati pa 70 ndi 80 peresenti, kutentha madigiri 24 mpaka 29. Hita muimate kumbuyo kwa thanki, pamwamba pa mzere wa mchenga. Mukaiika kunsi imaumitsa mchenga n'kuotcha nkhanu imene yakumba kuthawa kutentha komweko.

Funso lanu lachiwiri lija, yankho lake lidabwitsa: mchenga wabwino sasinthasintha. Tsiku ndi tsiku muzingotola zakudya zotsala ndi ndowe ndi kasupuni, makamaka kuseri kwa mitengo ndi pansi pa mbale, poti nkhanu zimakonda kukokera chakudya kobisika. Wonse mumauchotsa pokhapokha mwalowa tizilombo kapena mwasefukira. Kamodzi pa sabata weramani muyang'ane pagalasi cha pansi penipeni. Mukaona mzere wa madzi atadikha, kapena mchenga wada bii ndipo ukununkha ngati dzira loola, mabakiteriya aswana m'menemo ndipo mchengawo watha ntchito. Nthawi zambiri gwero lake ndi kupopera madzi tsiku lililonse kapena mbale imene nkhanu zagudubuza.

Chovuta kwambiri ndi kudikira. Ine nditangoyamba, nkhanu yanga ina itasowa milungu itatu mtima unakana, ndinakumba ndi zala. Ndinaipeza ili mbuu, yofewa, khungu lakale lili pambali italidya theka, ndipo mphanga yake ndinali nditaigumula kale. Nkhanu yotere simuikwiriranso, imalephera kupuma. Ndinaiika payokha m'kachidebe kamdima pamodzi ndi khungu lakelo, mwamwayi inapulumuka. Ndiye yanu yapakonayo ikalowa pansi, lembani tsikulo pakalendala, pitirizani kuika chakudya ndi madzi, ndipo musasunthe thanki kapena kubaya mchenga kufikira itatuluka yokha.