Funsani Ankolo: Kodi anthu amene amaseka kumbuyo m'masewero a pa TV aja alipodi?

FUNSO: Ankolo, ine ndi mnzanga takangana mpaka tsiku lonse osayankhulana. Tikamaonera Friends pamamveka anthu akuseka kumbuyo, iye akuti ndi makina basi palibe munthu, akuti amangotipusitsa kuti nafenso tiseke. Ine ndikuti anthu alipo. Akunama ndani? Ndine mtsikana wokonda Friends.

YANKHO: Achemwali, inu ndi amene mwayandikira kwambiri. Friends, yomwe inayamba mu 1994 nkutha mu 2004, ankaijambula pamaso pa anthu enieni atakhala m'mipando mu situdiyo ya Warner Bros ku Burbank ku America, ndipo olemba seweroli ankakhala pompo makutu ali tcheru, nthabwala ikapanda kugwira amathamanga kukasintha mawu nthawi yomweyo nkujambulanso. Si zachilendo ayi, I Love Lucy ankaijambula chonchi kale mu 1951, makamera atatu ndi khamu la anthu kutsogolo.

Koma mnzanuyo musamuseke, makinawo analipodi. M'zaka za m'ma 1950 injiniya wa zamawu ku tchanelo ya TV ya CBS, Charley Douglass, anapanga bokosi lodzaza matepi a anthu akuseka, lokhala ndi mabatani ngati limba, akadina apa lituluka phwete la gulu lonse, akadina apo kakuseka ka pansipansi, ndipo kwa zaka zambiri masewero ochuluka a ku America ankadalira bokosi limeneli. Komanso olo anthu akhalepo, pokonza chithunzi amatha kudula kuseka kukatalika kapena kuwonjezera pomwe kwachepa, poti gawo limodzi amalijambula kangapo ndipo nthabwala ukaimva kachitatu sungasekenso ngati poyamba.

Chomwe ndikukana ine ndi mawu oti amatipusitsa. Nzoona munthu amaseka msanga akamva anzake akuseka, koma nthabwala yozizira phokoso silingaidzutse. Mukamaonera Friends ulendo wina muyang'anitsitse Chandler akaponya mawu, mnzake sayankha pompo, amadikira kaye atagwira nkhope mpaka kuseka kuzilale, nde kenako nkuponya ake. Kudikira kumene kuja ndi luso la munthu amene akumva anthu amoyo patsogolo pake. Ndiye kamuyankhuleni mnzanuyo, muonere limodzi.

FUNSO: Ankolo ine ndili ndi zaka 34 koma Mr Bean amandiseketsabe mpaka misozi. Akulu anga akuti ndi za ana zimenezo, munthu osayankhula angokwinya nkhope basi eti ndi luso? Ndasokonekera kapena? Ndine mnyamata wochita manyazi.

YANKHO: Achimwene, manyazi a chani? Apa nde ndikhalapo pang'ono chifukwa akulu anuwo akulakwitsa kwambiri.

Choyamba, mukudziwa kuti Mr Bean ali ndi maepisodi 15 okha? Yoyamba inaulutsidwa pa ITV ku Britain pa 1 January 1990, yomaliza mu 1995. Basi. Zinazo ndi mafilimu awiri, ya 1997 ndi ya 2007, komanso makatuni omwe anayamba mu 2002. Koma ukafunsa anthu aliyense amaganiza kuti alipo mahandiredi, chifukwa timawabwereza osatopa, ndipo chinthu chopanda nzeru sichingapirire kubwerezedwa zaka zoposa 30.

Rowan Atkinson, amene amasewera Mr Bean, si munthu wongokwinya nkhope mwangozi, anaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ku Newcastle ndi ku Oxford, ndipo Mr Bean anamupanga limodzi ndi Richard Curtis. Kumbukirani gawo la mayeso lija mu episodi yoyamba. Bambo afika monyadira, ayala mapeni ambirimbiri pa desiki, atsegula envelopu, nkhope yagwa, zomwe anawerenga sizomwe zabwera. Nde ayamba kusuzumira kwa mnzake, khosi kutalika pang'onopang'ono, thupi kusendera, mnzakeyo akacheuka iye maso mmwamba ngati palibe chachitika, mpaka kumapeto penipeni azindikira kuti mu envelopu momwemo munali pepala lina la zomwe anawerenga zija koma nthawi yatha. Chilichonse pamenepo nchoyezedwa, nthawi yocheukira, nthawi yophethira, akachedwa kapena kufulumira pang'ono basi nthabwala yafa. Ndipo ndani sanakhalepo mu mayeso mtima uli phaphapha? Mwana amaseka nkhope, wamkulu amaseka chifukwa akudziona yekha, mantha aja, kudzikonda kuja, kufuna kubisa manyazi pagulu.

Kusayankhulako ndi kumene kunamufikitsa dziko lonse, safuna womasulira. Charlie Chaplin anayenda njira yomweyi kalekale. Ndipo potsegulira masewera a Olympic ku London mu 2012 Atkinson anamuika pa kiyibodi pakati pa gulu la oyimba akuluakulu, ntchito yake kungodina batani limodzi, bwalo lonse linaseka. Za ana zimenezo? Onerani momasuka.

FUNSO: Bwanji sewero likakoma amalikoka mpaka litasukuluka? The Office ya ku America chichokereni Steve Carell sindikumva kukoma, koma mafani anzanga pa Facebook akuti amene wasiyira panjira si fani weniweni. Ndipitirize mokakamiza? Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.

YANKHO: Yankho lalifupi ndi ndalama. Ku America sizoni imodzi pa matchanelo akuluakulu inkakhala ndi maepisodi opitirira 20, ndipo sewero likafika cha m'ma 100 limagulitsidwa kwa matchanelo ena kuti azilibwereza tsiku ndi tsiku, apo nde pamakhala phindu lenileni, nchifukwa chake eni ake safuna kutseka bola anthu akuonerabe. Carell anachoka mu 2011, sizoni ya 7, koma sewero linapitirira mpaka 2013. Two and a Half Men nayo Charlie Sheen atachotsedwa mu 2011 anabweretsa Ashton Kutcher nkufika nayo mpaka 2015. The Simpsons inayamba mu 1989 ndipo yadutsa maepisodi 700, koma mafani ambiri ukawafunsa amaloza za m'ma 1990.

Ku Britain amakonda kufupikitsa. The Office yoyambirira ya Ricky Gervais ndi Stephen Merchant ili ndi maepisodi 12 ndi ena awiri a Khirisimasi, Fawlty Towers ili ndi 12 yokha, ndipo anthu akuzitamabe mpaka lero. Ine ndili mbali imeneyi, kuli bwino anthu akusowe kusiyana nkuti atope nawe. Vuto la sewero lotalika ndi loti olemba nkhani zimawathera, nde amatenga khalidwe limodzi la munthu nkulikulitsa mopyola, wopusa pang'ono uja asanduka chitsiru chenicheni, waukali uja angokhalira kukalipa, mapeto ake sukuwakhulupiriranso ngati anthu.

Koma zoti si inu fani weniweni zikundipweteka, chifukwa mawu amenewa akuwononga macheza ambiri pa intaneti. Palibe amene analemba malamulo a ufani. Amene akusangalala ndi masizoni omalizawo asiyeni asangalale, mulinso zigawo zabwino, musawanyoze, koma inu musadzikakamize kuseka pofuna kukondweretsa gulu. Chomwe ndingakupempheni nchimodzi, dumphani mukaonere episodi yomaliza ya 2013, Carell amabweramo kanthawi kochepa pa ukwati wa Dwight ndi Angela, imeneyo musaiphonye.