Kodi dzina la banki limakhudza ngongole yanu?

Mayi wina wogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe wanditumizira imelo. Akuti mabanki awiri avomera kumubwereka ndalama. Yaikulu ikutchula chiwongoladzanja chotsikirapo, koma ikufuna chikole ndi mapepala ambirimbiri. Yaing'ono ikupereka msanga koma modula. Ndiye akufunsa ngati dzina la banki lili ndi ntchito, poti ndalama ndi ndalama basi.

Mayi, lili nayo ntchito yaikulu. Ndalama zimene banki ikukubwerekani zambiri si zake, ndi za anthu osungitsa. Banki yodalirika anthu amaisungitsa ndalama ngakhale iziwapatsa phindu lochepa, choncho imazipeza motchipa ndipo ikhoza kungoonjezera pang'ono pamwamba pa reference rate, chiwongoladzanja choyambira chimene mabanki amatsatira pobwereketsa ndalama. Imene anthu amaikayikira imawanyengerera ndi phindu lalikulu, ndipo mtengowo umagwera inu wobwereka.

Mapepala akukutopetsaniwo ndi mmene banki imatetezera mbiri yake, ndipo ine sindiwadandaula. Taonani za Penn Square, banki yaing'ono ya ku Oklahoma City ku America. Inkabwereketsa ndalama kwa makampani okumba mafuta ndi gasi osawafufuza mokwanira, kenaka n'kugulitsa ngongolezo ku mabanki akuluakulu. Continental Illinois ya ku Chicago inagula za pafupifupi madola 1 biliyoni. Penn Square itagwa mu Julayi 1982, mbiri ya Continental inaipa, ndipo mu Meyi 1984 osungitsa ndalama zambiri anathamangira kukatapa zawo mpaka boma linalowererapo kuti iipulumutse.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti ngakhale makampani osalakwa amene ankabwereka ku Continental anaona masheya awo akutsika mtengo. Chifukwa chake n'chakuti banki imene yadziwa bizinesi yanu kwa zaka ikagwa, simungapeze ina yotero tsiku limodzi. Yatsopano imayambiranso kukufunsani zonse, ndipo poti sikukudziwani, imakweza chiwongoladzanja kapena kufuna chikole chachikulu.

Ngati chikolecho mungachikwanitse popanda kuikapo nyumba imene mumagonamo ndi ana, pitani ku yaikuluyo. Kubweza bwino kumeneko kumaoneka ku Credit Reference Bureau, bungwe losunga mbiri ya mmene anthu amabwezera ngongole, ndipo ogulitsa simenti amayamba kukukhulupirirani pa katundu wapangongole. Musanasaine, afunseni ndalama zolipira pokonza ngongoleyo, chilango mukabweza nthawi isanakwane, komanso ngati chiwongoladzanjacho chidzakwera reference rate ikakwera.