Mwana akathera zala pa 43 kuchotsera 28

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo wa Giredi 2 akapatsidwa 43 kuchotsera 28, zala zimamuthera, kenako misozi mbwembwembwe. Atani?

Mayi, funso lanuli landifika pamtima. Ine ndinaleredwa ku Mbare, mu Harare momwemo, ndi agogo anga aakazi, amene anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya, m'ma 1950. Ankagulitsa tomato ndi repu pa msika wa Mbare Musika. Sukulu sanapondeko, koma wowabera chenje sanabadwe. Munthu akagula za masenti 28 n'kupereka 50, agogo ankaponya makobidi m'dzanja lake akuwerenga mokweza: "29, 30, 40, 50, pitani bwino." Ankayambira pa mtengo n'kukwera mpaka pa ndalama yomwe alandira.

Ife kusukulu tinkandandalika manambala, ina pansi pa inzake, n'kumaimba kuti "3 kuchotsera 8 sizitheka, tibwereke." Amene ankamvetsa chifukwa chake anali ochepa.

Ndipo ana a lero chenje adzachionera kuti? Makolo timalipira pa foni kudzera pa EcoCash. Ukapereka dola pa tuckshop, nthawi zina amakubwezera maswiti. Ndalama ya dziko la Zimbabwe ya ZiG inabwera mu 2024, koma mwana wogwira makobidi n'kumawerenga sindimuonaona. Masamu a m'mutu atsalira hwindi wa kombi, kondakitala wa minibasi, amene amadziwa wotsala ndi chenje ndani ali chilendewere pakhomo. Amene uja ena amamunyoza kuti ndi mbuli!

Ndinene mosapsatira: kuumiriza mwana wa zaka 7 njira yobwereka asanadziwe kuti 8 ndi 2 zimapanga 10 n'kumuzunza. Mayeso a Giredi 7 a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso m'dzikolo, akadali kutali, tikuthamangira chiyani?

Ndiye mutani?

Zala musamuletse, adzazisiya yekha. Yambani ndi manambala opanga 10: 7 ndi 3, 6 ndi 4, mpaka aziyankha osaganiza. Zitsekerero za mabotolo zimakwanira. Kenako akwere ngati agogo: kuchoka pa 28 kufika pa 30 ndi 2, kufika pa 40 ndi 10, kufika pa 43 ndi 3, zonse 15. Izi zikakhazikika, muonetseni kuti 52 kuchotsera 19 ndi kuchotsa 20 n'kubwezapo 1. Mafunso awiri atatu uku mukuthyola masamba, ndipo muzimufunsa kuti, "Wapeza bwanji, mwanawe?"