Mbande za masuku zikufa, msuku wina sukubereka: vuto lili pati?

Achimwene, mwafunsa ziwiri: chifukwa chake mbande zanu za masuku zikumera bwinobwino m'machubu kenako n'kuchita chikasu mpaka kufa, komanso chifukwa chake msuku wa kuseri kwa nyumba yanu umachita maluwa chaka ndi chaka koma osagwira chipatso. Tiyambe ndi mbandezo, poti ndi pamene ambiri amagwera mphwayi.

Vuto ndi dothi. Msuku si mango woti njere mukaiponya paliponse ikula. Mizu yake imakhalira limodzi ndi bowa wa m'nthaka. Bowa amene amayi amazula m'nkhalango nthawi ya dzinja, monga ndelema, ndi mutu chabe. Pansi pake pamakhala timaulusi toyera tomwe timakuta timizu ta mtengo n'kumautungira madzi ndi chakudya cha m'nthaka, mtengowo n'kumatibwezera shuga. Dothi la kudimba kapena la m'munda wa chimanga nthawi zambiri lilibe timaulusi timeneti. Ndiye mbande imamera ndi kamba wa m'njere, kambayo akatha imapinimbira, masamba ayezuka, basi yapita. Ambiri akaona chikasucho amathamangira feteleza, kumene kuli kuimaliza.

Chitani izi. Pitani patsinde pa msuku waukulu wathanzi, kankhirani pambali masamba ouma, mupale dothi lapamwamba, masentimita 5 mpaka 10, lija lodera lokhala ndi timizu tambirimbiri. Musaliyanike padzuwa, ndipo ligwire ntchito tsiku lomwelo kapena mawa lake. Sakanizani ndowa ziwiri za dothi limeneli ndi ndowa imodzi ya mchenga wa kumtsinje. Zitosi za nkhuku musaikemo. Mbande zomwe zikadali ndi moyo, takasani pamwamba pa chubu ndi kamtengo muthiremo dothili lodzaza dzanja limodzi, zina zimatsitsimuka. Machubu akhale pamthunzi wa shedi ya udzu, akhale obooledwa kunsi, ndipo muzithirira kamodzi patsiku m'mawa. Msuku ndi mtengo wa m'mapiri, wa dothi lamiyala losasunga madzi. Chubu chikamakhala chinyontho tchatcha, mizu imaola.

Njere zake sizisungika ngati za chimanga. Zikauma, zafa, ndipo pakangotha masabata ochepa zambiri sizimeranso. Tengani za masuku okupsa okha, muzitsuke mpaka thererezi lonse lichoke, muziviike m'madzi ozizira usiku umodzi, mufese sabata yomweyo, kuya kwake masentimita awiri. Ndiye kuti nyengo yofesa ndi yomwe masuku ali pamsika, kuyambira cha mu Novembala mpaka Januwale.

Tsono za mtengo wosaberekawo. Misuku ilipo yaimuna ndi yaikazi. Ukachita maluwa m'dzinja, kaonetsetseni. Duwa la waumuna limakhala ngati kampira kachikasu kodzaza timaluwa taufa, ndipo limathothoka likatha ntchito. La waukazi limakhala ndi kabulunga kobiriwira pakati, ndiko kadzakhale suku. Ngati wanu ndi waumuna, olo muuthire manyowa ngolo yathunthu, chipatso simudzachiona. Koma musathamangire nkhwangwa, chifukwa yaikazi imadalira ufa wake umene tizilombo touluka timanyamula. Ngati ndi waukazi koma uli wokhawokha kutali ndi nkhalango, ndiye kuti ukusowa waumuna pafupi.

Apa ndi pamene pali tsoka la kubzala njere: simungadziwe kuti mbande ndi yaimuna kapena yaikazi mpaka itachita maluwa, ndipo msuku wa njere umatenga zaka ngati khumi. Ngakhale utapezeka waukazi, masuku ake satengera kukoma kwa make nthawi zonse. N'chifukwa chake akatswiri a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ndi ulimi, ku Makoka, ku Zomba, analimbikira zomezanitsa, ndipo mitengo yomezanitsa imayamba kubereka patatha zaka ziwiri, zitatu kapena zinayi.

Mbande yomezapo ikhale yonenepa ngati pensulo, zomwe zimafuna chaka kapena kuposerapo. Kanthambi mudule ku mtengo waukazi umene mukuudziwa kuti masuku ake ndi aakulu, otsekemera, kotalika masentimita 10 mpaka 15, kokhala ndi maso atatu kapena anayi, ndipo muchotse masamba. Dulani mbande pamwamba, ing'ambeni pakati masentimita atatu, songolani kanthambi mbali ziwiri, lowetsani makungwa akumane bwino mbali imodzi, mangani zolimba ndi kapulasitiki, kenako vekani kajumbo koonekera mkati. Chitani changu. Msuku ukadulidwa pabala pamada msanga, ndipo bala lakuda siligwirana. Mpeni ukhale wakuthwa, woyera. Si yonse imagwira, ndiye mezanitsani yambiri kuposa yomwe mukufuna. Ngati m'munda mwanu muli timisuku tomera tokha, mezani pomwepo. Mizu yake inagwirizana kale ndi bowa, ntchito yachepa.

Pokawokera, dikirani mvula ikhazikike, mutalikitse mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo m'dzenje muthiremo dothi la patsinde lija. Kudambo ayi. Tchingirani mbuzi, lambulani udzu mozungulira moto usanayambe, ndipo pa mitengo khumi yaikazi pakhale umodzi waumuna.

China chimodzi, poti chikuwononga misuku yambiri: kumenya thunthu ndi chimwala kuti masuku agwe. Mukayenda m'nkhalango muona mitengo ya zilonda zikuluzikulu m'chiuno, ina yayamba kale kufumbwa. Masuku ogwetsedwa aawisi, ngakhale muwavundike m'dzenje ndi masamba, amangofewa n'kuda khungu, kukoma kwake kosafika. Suku lokhwima limagwa lokha, kapena mukangogwedeza nthambi pang'ono. Lawirani m'mamawa mukatole mbuzi ndi anyani asanakutsogolereni.