Nyimbo zopanda ng'oma zija zimachokera kuti?

Funso: Akulu, mphwanga usiku amamvera tinyimbo tina pa foni, woimba palibe ng'oma palibe, kumangolira kiyibodi pang'onopang'ono osatha. Akuti ndi ambient. Zimachokera kuti, nanga bwanji pa wailesi sindinazimvepo? Wowerenga, Zomba

Yankho: Achimwene, mphwanuyo mutu uli bwinobwino musadandaule. Dzinali analitchukitsa ndi woimba Brian Eno wa ku England mu 1978, iyeyo amafuna nyimbo zoti utha kutchera khutu kapena kungozisiya zizilira uku ukupanga zina. Opanga nyimbozi amazikonza ndi synthesizer (kamakina kopanga mawu a nyimbo ndi magetsi), kompyuta, ena mpaka matepi akale ndipo kaphokoso ka tepi kaja amakasiya dala, ine ndimati kukoma kwake nkomweko.

Za wailesi, nyimbo imodzi imatha kupitirira mphindi 10 yosavinika nkomwe, DJ wake uti angadikire? Makampani akuluakulu saonapo dola, ndiye zimatulukira ku timakampani todziimira patokha ngati Kranky ya ku Chicago yomwe inayamba mu 1993, 12k ya Taylor Deupree ku New York, komanso Room40 ku Brisbane. Amatulutsa ma CD ochepa chabe, zambiri mukazipeza pa Bandcamp, webusaiti yomverapo ndi kugulapo nyimbo. Koma mubwereke mahedifoni, pa sipika ya foni mungotha bandulo pachabe.