Musakopeke ndi kapepala ka Core i7

Achimwene, laputopu ya madola 250 imene akuonetsani m'tauniyo musailipire chifukwa choti anamatapo kapepala kolembedwa Core i7 (dzina la mtundu wa pulosesa, ubongo wa kompyuta), pakuti kapepala komweko ndi kamene kanandichititsa manyazi pamaso pa akuluakulu ku Mufakose, kuno ku Harare. Ine ndimasunga mabuku a bungwe lathu lothandizana pa maliro, ndipo makina anga ndinagula kwa mnyamata wina wa m'timashopu togawa ndi magalasi tija, amene analumbira kuti angofika kumene kuchokera ku UK ndiponso kuti batire lake limakhala maola anayi. Pondionetsa sanachotse chaja pakhoma ngakhale kamodzi, ndipo ankangolankhula mosalekeza kuti maso anga akhale pa iye.

Mukukumbukira mmene zinalili kumapeto kwa 2022, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, pamene magetsi ankabwera pakati pa usiku n'kuthima kusanache. M'nyengo imeneyo tinataya mayi wina wachikulire wa m'bungwe lathu, ndipo abale ake ochokera ku Dedza anafuna kudziwa ndalama zimene bungwe lipereke pa bokosi ndi pa galimoto. Tinakhala m'tenti madzulo, amayi akuimba m'nyumba, atcheyamani ali kudzanja langa lamanja, malume a malemu ali kutsogolo kwanga atagwira chipewa m'manja. Ndinayatsa laputopu imene ndinaitchaja usiku wonse, ndipo ndisanafike n'komwe pa dzina la malemu, sikirini inangoti bii. Tinathamangira kwa neba amene ali ndi sola, tinalumikiza chaja, koma m'katimo munayamba kulira kuti kha, kha, kha, kenako panangotuluka mawu akuti No bootable device. Mayina onse a anthu osonkha anali mmenemo. Nditabwerera m'tenti chimanjamanja palibe amene anandikalipira, koma malume aja anayang'ana pansi n'kunena kuti kale ankalemba m'kope ndipo kope silinkathima. Aliyense anamva chimene amatanthauza, chifukwa mlembi akati mabuku asowa pa tsiku la maliro, anthu amaganiza kuti ndalama anadya.

Katswiri wina wa ku Mbare atatsegula makinawo anapeza kuti pulosesa yake inali i7-2620M, ya m'chaka cha 2011, hard disk yosungiramo mafailo inali yotheratu, ndipo batire linali lachinyengo. Nditabwerera kwa mnyamata uja, anandiyang'ana ngati sanandionepo, n'kuloza chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa, kenako n'kunena kuti magetsi a kwathu ndiwo anawotcha makinawo. Munthu wopanda chisoni, wosaopa ngakhale imvi! Dziko lino la Zimbabwe lili ndi lamulo loteteza ogula la 2019, koma iye anadziwa chimene ankachita pondipatsa risiti yopanda dzina la shopu ndiponso yopanda nambala ya makina. Pano pamalo pake pakugulitsidwa zikwama.

Komabe ndi ndalama zanuzo ndikuti mugule yakale ndithu, ndipo mwina mudzaipeza m'timashopu tomweto. Laputopu yatsopano ya mtengo umenewo kawirikawiri imakhala ya pulosesa yofooka ya Celeron, yokhala ndi RAM (memori yogwirira ntchito) ya 4GB ndi malo osungira mafailo a 64GB, ndipo mukatsegula masamba angapo a intaneti imayamba kukwawa. Funani zimene zinkagwira ntchito m'maofesi, monga Lenovo ThinkPad, Dell Latitude kapena HP EliteBook, chifukwa n'zolimba ndipo zipangizo zake zimapezeka. Chofunika ndi nambala yotsatira i5 kapena i7: ikayamba ndi 8, monga i5-8250U, ndiye kuti ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, umene Windows 11 imaulandira. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, choncho mukagula makina akale kuposa m'badwo wachisanu ndi chitatuwo mukugula mavuto. RAM isachepere 8GB, ndipo musalole hard disk yozungulira ija, muumirire SSD (chosungiramo mafailo chachangu, chosazungulira) ya 256GB. Muli pashopupo, chotsani chaja ndi dzanja lanu, tsegulani pulogalamu ya Windows yotchedwa Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, ndipo mutsegule lipoti limene lipangidwe n'kuyerekeza Design Capacity (mphamvu ya batire lili latsopano) ndi Full Charge Capacity (mphamvu yake pano likadzaza). Nambala yachiwiriyo ikakhala theka la yoyamba, batire latha, kaya wogulitsa alumbire potchula amayi ake.

Za khofi amene mukuti akukudyerani ndalama m'malesitilanti a ku Avondale pofuna intaneti, werengani makapu a mwezi umodzi ndipo muona kuti mukadagula nazo RAM yowonjezera. Gulani paketi ya khofi wogaya wa ku Chipinge kapena ku Vumba muzipanga nokha, kapena mutume wina wobwera pa basi yodzera ku Mwanza ndi Nyamapanda akutengereni wa ku Mzuzu. Wa m'zitini wotchipa uja muziwerenga kumbuyo kwake, chifukwa wambiri ndi wosakaniza ndi chicory. Ine tsiku limene magetsi athima ndimapitabe kulesitilanti, ndimagula kapu imodzi yaing'ono n'kukhala pafupi ndi soketi mpaka batire litadzaza, ndipo ndalama imeneyo sindiidandaula. Mukatsimikiza tsiku logula, mupite ndi munthu wodziwa makompyuta, ndipo wogulitsayo alembe nambala ya makina ndi miyezi ya galanti pa risiti musanatulutse ndalama m'thumba.