Asisi, pitani ku Bazaruto koma mukagone ku Vilankulo

Asisi mwafunsa za zilumba zakutali za madzi obiriwira osaya aja timaona pa zithunzi, ndipo mwati bajeti yanu siyofika ku Maldives. Ine ndikuti musavutike nazo za kutalizo, pitani ku Bazaruto konkuno kwa aneba athu ku Mozambique, ndinapitako ndipo mpaka pano mtima unatsala komweko.

Ndi zilumba 5, Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kena kakang'ono kotchedwa Bangue, zonse zili mu paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo kuyambira 2017 akuyendetsa ndi a African Parks omwe aja ali ku Majete ndi Liwonde. Koma chonde musakagone pa zilumbapo, malojiwo amatchaja madola oti ndi mavuto a forex alipowa mungolira. Gonani ku Vilankulo kumtunda, m'mawa mukwere boti la matanga kapena la injini mukaswere tsiku lonse, pa ulendo wathu anatiwotchera nsomba pa mchenga pomwepo ndi mpunga, ndiye mukamakambirana mtengo funsani ngati ndalama yolowera mu paki ili momwemo chifukwa ena sanena, mumangodzidzimuka mwafika kale.

Chinthu chomwe ife ozolowera nyanja yathu sitidziwa ndi ichi, madzi a kumeneko amaphwera ndi kubwerera kawiri pa tsiku. Ndinadzuka m'mawa ndikupeza maboti atakhala pa mchenga ngati awataya, madzi atathawira kutali, amayi akutola nkhono pomwe dzulo lake panali pakuya. Ndiye woyendetsa boti akati tinyamuke 7 koloko musamati ndikaphode kaye ayi, madziwo sadikira munthu. Koma nthawi yophwerayo ndi imene pamakongola zedi, timilu ta mchenga woyera mbee timatulukira pakati pa madzi, mumayenda madzi akulekeza m'mawondo nkumaona zala zanu zakuphazi ndi tinsomba tikudutsa. Mukakwere chimulu chamchenga cha pa Bazaruto muone mitundu ya madziwo kuchokera pamwamba, kenako akakutengereni ku Two Mile Reef, malo a matanthwe a pansi pa nyanja owonerako nsomba, mukavale magalasi osambira aja. Ngati simutha kusambira nenani musachite manyazi, valani jekete yoyandamitsa, mafunde ake si a ku Salima. Mwayi ukakugwerani muonanso dugong, chinyama chofatsa chodya udzu wa pansi pa nyanja, zatsala zochepa kwambiri.

Nthawi yabwino ndi May mpaka October, ndipo cha mu August anamgumi amadutsa. January mpaka March ayi ndithu, namondwe Freddy uja asanatipweteke ife anayamba wagwera kufupi ndi Vilankulo mu February 2023.

Pamsewu mudutsa pa Mwanza, Tete, Chimoio, Inchope nkutsika ndi msewu wa EN1, werengerani masiku awiri ndipo musayende usiku, kuchoka pa Inchope kukafika pa mtsinje wa Save maenje anativutitsa koopsa. Ngati thumba likulola, Airlink imauluka kuchokera ku Johannesburg mpaka ku Vilankulo. Tengani ma metical, ndalama za ku Mozambique, a kashi, nsapato zolowa nazo m'madzi, chipewa ndi madzi akumwa ambiri poti a m'nyanjamo ndi amchere, ndipo muphunzireko ka Chipwitikizi ngati bom dia (moni wa m'mawa) ndi obrigada (zikomo) musananyamuke.